Ma sprinkler akufooka pakangotha mphindi 10: kodi ndigule pampu yaikulu?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chalala mu Lusaka: "Pakhomo pathu pali borehole ya mamita 60, pampu yake ndi ija yokhala pansi m'madzi. Imadzaza thanki ya m'nyumba, komanso imathirira kapinga kudzera m'ma sprinkler 8 aja amatumphuka okha. Zaka zonsezi zinkayenda bwino. Koma chiyambire September, tikatsegula amaponya madzi bwinobwino kwa mphindi ngati 10, kenako amayamba kutsokomola mpweya mpaka kumangodontha. Tikatseka n'kudikira maola awiri amayambanso ndi mphamvu. Thanki ya m'nyumba ikudzaza ndithu. Komanso masiku ena magetsi akangobwera, bokosi la pampu limadzizimitsa lokha. Wamagetsi amene tinamuitana akuti pampu yatopa, tigule yaikulu. Ndigule?"

Mayi, basungani kaye ndalamazo. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona pampu yotopa. Pampu imene ma impeller ake, timawilo tija timakankha madzi mkatimo, adyeka ndi mchenga, imakhala yofooka kuyambira mphindi yoyamba, ndipo ngakhale muipumitse sabata yathunthu siyambanso ndi mphamvu. Yanuyo ikumayamba bwino, n'kufooka, n'kuchira ikapuma. Chimene chimachira ndi kupuma pamenepo ndi chitsime. Ndikukayikira kwambiri kuti ma sprinkler anu akumwa madzi mofulumira kuposa mmene borehole ikuwabwezera, ndipo mukaikamo pampu yaikulu, mphindi 10 zija zidzasanduka 5.

Tiwerengere limodzi, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Borehole imene m'mimba mwake ndi mamilimita 150 imasunga malita pafupifupi 18 pa mita iliyonse ya madzi. Tingoyerekeza kuti m'mawa, chitsime chitapuma usiku wonse, pamwamba pa pampu yanu pali madzi okwana mamita 15. Amenewo ndi malita ngati 260. Tiyerekezenso kuti sprinkler iliyonse ikumwa malita 5 pa mphindi, ngakhale zambiri zimamwa kuposa apo. Zonse 8 ndi malita 40 pa mphindi. Ngati mwala wa pansipo nyengo ino ukungotulutsa malita 15 pa mphindi, ndiye kuti mphindi iliyonse mukudya malita 25 pa aja anasonkhana usiku. Gawani 260 ndi 25, mupeza mphindi 10 ndi kanthu. Zikatha zimenezo madzi afika pakamwa pa pampu, iyo n'kuyamba kumeza mpweya pamodzi ndi timadzi tikulowato, ndipo kutsokomola mukumva pa kapinga kuja ndi kumeneko. Manambalawa ndi ongoyerekeza, anu enieni mudzawapeza poyeza, koma kayendedwe kake ndi komweko.

Ndipo kufooka kumayamba mpweya usanabwere n'komwe. Mamita 10 aliwonse amene pampu ikukweza madzi amadya bar imodzi ya puresha. Madzi a m'chitsime akamatsika, mtunda woti pampu iwakweze ukutalika, choncho puresha yofika pa kapinga ikuchepa pang'onopang'ono. Ma sprinkler otumphuka amafuna bar ngati 2 kuti adzuke bwino, ndipo ozungulira aja, oponya patali, amafuna pafupifupi 3. Mukadzaima n'kuyang'anitsitsa, mudzaona kuti bwalo lonyowa likuchepa kaye, timitu takutali kwambiri n'kuyamba kubwerera pansi, kenako ndi pamene mpweya ukubwera. Thanki ya m'nyumba siivutika chifukwa imangowonjezera pang'ono kudzera m'kapayipi kakang'ono ndi valavu ya mpira woyandama, ndipo imadzaza madzi osungidwa aja asanathe.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji zaka zonsezi zinkatheka. Gawo lalikulu la Lusaka lakhala pa mwala wa dolomite ndi laimu, ndipo madzi ake sakhala ngati dziwe limodzi lalikulu la pansi pa nthaka. Amayenda m'ming'alu ndi m'mapanga amene madziwo anasungunula m'mwalamo. N'chifukwa chake aneba anu kuseri kwa mpanda akhoza kukhala ndi madzi osefukira inu mukuvutika: obowola awo anagunda mng'alu waukulu, anu anagunda waung'ono. Mng'alu umene unkadyetsa borehole yanu kumtunda ukauma, chitsime chimatsala ndi wa pansi wokha, ndipo madzi sachepa pang'onopang'ono ayi, amangogwa kamodzi. Mvula ikasiya mu April, madzi a pansi amatsika mwezi ndi mwezi mpaka October ndi November. Chilala cha 2024, chija boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinasiya zitsime zambiri zisanabwerere pamene zinali. Onjezanipo kuti ku Chalala, ku Ibex Hill, ku Makeni ndi madera ena otere, nyumba zachuluka ndipo pafupifupi mpanda uliwonse uli ndi borehole yake. Magetsi akabwera, mapampu onsewo amadzuka nthawi imodzi n'kumakokerana madzi a m'ming'alu yomweyo.

Komabe musangotenga mawu anga monga mmene sindikufunira kuti mungotenga a wamagetsi uja. Yezani. Mufunika ndowa ya malita 20, wotchi ya pa foni, ndi geji ya puresha imene ikugwira ntchito. Geji yakale imene singano yake inaima malo amodzi itayeni, yatsopano siidula, ndipo ija yokhala ndi mafuta mkati ndi yabwino chifukwa singano yake sinjenjemera.

M'mawa, pampu isanagwire ntchito iliyonse, tsekani valavu yopita ku kapinga ndi yopita ku thanki, n'kuyatsa. Pampu yamoyo imakweza singano msanga mpaka pamene switchi ya puresha imaizimitsa. Ikatero, nkhani yoti yatopa yathera pomwepo. Ngati palibe switchi yotere, musaisiye ikulimbana ndi valavu yotseka kupitirira masekondi ochepa. Itazima choncho, mavalavu ali otsekabe, yang'anani singano kwa mphindi zingapo. Ikamatsika yokha, madzi akubwerera m'chitsime: valavu yoletsa madzi kubwerera yafa, kapena payipi yokwera kuchokera ku pampu yabooka.

Kenako tsegulani mpopi wapafupi ndi borehole, mudzaze ndowa mukuwerenga masekondi. Ikadzaza m'masekondi 30, ndi malita 40 pa mphindi. Siyani madzi akutuluka, kaya muwalozetse ku mitengo ya zipatso kuti asapite pachabe, ndipo muziyezanso mphindi 5 zilizonse n'kumalemba. Mukaona kuti 30 wasanduka 45, kenako 80, madzi akutuluka modukizadukiza komanso ayamba kufiira ndi dothi, zimitsani pomwepo, yankho mwalipeza. Nambala yomalizayo ndiyo ikuuzeni pafupifupi zimene chitsime chanu chikutha kupereka mwezi uno. Mmisiri wokhala ndi chingwe choyezera kuya kwa madzi ndi clamp meter, mita yoyezera ma amp (kuchuluka kwa magetsi amene mota akukoka), angatsimikize zonsezi pa ola limodzi. Pampu ikamameza mpweya, ma amp amatsika kwambiri poyerekeza ndi olembedwa pa mota, chifukwa ikuzungulira yopanda katundu. Anthu ambiri amayembekeza kuti akwera, n'kumaganiza kuti poti ndi otsika ndiye zonse zili bwino. Ayi, nthawi imeneyo ndi pamene pampu ikudzipha. Mota wa pansi pa madzi amazizira ndi madzi omwe akudutsa m'mbali mwake, ndipo ma impeller a mapampu ambiri a pakhomo ndi apulasitiki. Akazungulira pouma amatentha n'kupindika. Kunena zoona, wamagetsi wanu akhoza kudzakhala wolondola m'mwezi wa mawa mukapitiriza kuthirira mpaka mpweya utuluke.

Chinthu choyenera kuchigwira pa mavuto onse a mtundu uwu ndi nthawi imene vutolo likuonekera. Mpweya wotuluka poyambirira penipeni, n'kutha madzi akakhazikika, si chitsime chouma, ndi payipi imene inakhuthuka pampu itazima chifukwa cha valavu ija kapena kabowo. Kufooka kuyambira mphindi yoyamba, kosasintha ngakhale mupumitse, kumaloza ku sefa yotsekeka, ku payipi yophulika pansi pa kapinga, kapena ku pampu yodyekadi. Payipi yophulika imadziulula yokha: pamakhala kachigawo kobiriwira moposa pena ponse, pofewa mukapondapo, nthawi zambiri pamene galimoto imadutsa kapena pamene khasu linalowa. Ngati ndi sprinkler imodzi kapena ziwiri zokha zimene zikuponya mopotoka, zuleni kamutu kake muone. Madzi a mu Lusaka ali ndi laimu wambiri, ndipo zoyera zija zimamata mu ketulo yanu zimamatanso pa kabowo ka sprinkler ndi pa kasefa kake ka pansi. Ziviikeni mu viniga usiku umodzi, n'kutsuka ndi mswachi wakale. Musatokose ndi msomali, mukulitsa kabowo ndipo sikadzaponyanso molongosoka.

Palinso kaphokoso kena kamene simunakatchule koma mukamvetsere: switchi kumangoti tha, tha, tha, pampu kuyaka ndi kuzima masekondi ochepa aliwonse, singano ikudumphadumpha. Limenelo ndi vuto la kathanki ka puresha, kofiira kapena kabuluu kaja. Mkati mwake muli chikhodzodzo cha labala ndi mpweya. Kali ndi kavalavu konga ka tayala la galimoto. Dinani kapini kake: pakatuluka madzi, labala yang'ambika. Pakatuluka mpweya wochepa, zimitsani pampu, tsegulani mpopi mpaka madzi onse atuluke, ndiye mupope mpweya mpaka utsale ndi 0.2 bar kufika pamene switchi imayatsira pampu. Ngati imayatsa pa 2 bar, mpweya ukhale 1.8. Kuyakayaka kumeneku kumapha mota msanga kuposa kugwira ntchito maola ambiri, chifukwa pa kuyaka kulikonse amakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa akamayenda. Pampu ikayaka izitha mphindi yathunthu isanazime.

Tsopano za bokosi lodzizimitsa lija. Ine ndikuona kuti limeneli ndi vuto lachiwiri, losiyana ndi loyamba, kungoti akumana pakhomo limodzi. Mota wanu anapangidwira ma volt 230, ndipo amapirira akatsika kapena kukwera ndi 10 peresenti, kutanthauza pakati pa 207 ndi 253. Magetsi akangobwera pambuyo pa maola ambiri, mafiriji, magiza ndi mapampu a dera lonse amayakira limodzi, ndipo mphamvu imatha kutsika kwa kanthawi. Mota akapatsidwa ma volt ochepa amakoka ma amp ambiri, n'kutentha, ndipo chotetezera cha m'bokosi chimadula. Chikugwira ntchito yake. Choipa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi munthu kuchikweza kapena kuchilumpha ndi waya kuti chisiye kuvutitsa. Chofunika ndi kachipangizo koyang'anira ma volt, kamene kamadikira mphindi 3 mpaka 5 magetsi akabwera kasanalole pampu kuyaka. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mota watsopano.

Mmisiri ayang'anenso capacitor ya m'bokosimo, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira. Ikafooka, mota amangolira osazungulira, kenako chotetezera n'kudula. Nthawi zina imaoneka ndi maso, yotupa pamwamba kapena yotuluka mafuta, koma nthawi zambiri imafuna kuyeza ndi mita. Ayezenso ma volt pa bokosi pomwe pampu ikuyenda, osati itazima, chifukwa waya woonda wokokedwa mtunda wautali kuchokera m'nyumba amataya mphamvu m'njira. Ndipo atsegule switchi ya puresha. Nyerere zimakonda kulowa mmenemo, n'kufera pakati pa timano togundana tija, mpaka mupeze kamulu kakuda kopserera kakutchinga magetsi. Nalimata nayenso amafera m'mabokosi ambiri. Koma mayi, izi musamupatse mnyamata wosamalira maluwa. Azimitse pa breaker kaye, ndipo capacitor imasungabe magetsi ngakhale atazimitsa. Ngati breaker ya m'nyumba ndiyo ikugwa pampu ikangoyaka, makamaka pambuyo pa mvula ya ziphaliwali, pamenepo pafunika kuyeza ndi megger, mita yoonera ngati magetsi akuthawa pa waya, kuti zidziwike ngati waya wa pansi kapena polumikiza pake palowa madzi.

Nanga muchite chiyani kuti kapinga asafe? Bwererani ku masamu aja, muona chinthu chosangalatsa. Milimita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Kapinga wa masikweya mita 300 wothiriridwa mamilimita 25 pa sabata amafuna malita 7,500, kapena 2,500 katatu pa sabata. Chitsime chopereka malita 15 pa mphindi chimatulutsa 900 pa ola, ndiye 2,500 aja chimawakwanitsa maola atatu asanathe. Madzi a tsiku alipo okwanira. Amene akusowa ndi a mphindi. Choncho njira yokhalitsa ndi kulekanitsa ntchito ziwirizi: pampu ya pansi izingodzaza thanki ya malita 5,000 pang'onopang'ono, ndipo kapampu kena ka pamwamba kazitenga m'thankimo n'kukankhira ku ma sprinkler. Thankiyo siifunika nsanja. Ndipotu nsanja ya mamita 6 imangopereka 0.6 bar, imene singadzutse sprinkler yotumphuka. Ikani thanki pa simenti pansi, kapampuko kakhale m'munsi mwa potulukira madzi kuti kasamavutike kuyamwa. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo kuno mpweya ndi wopepuka, moti pampu yoyamwa imataya kupitirira mita imodzi pa kuya kolembedwa m'kabuku kake. M'thankimo muikemo switchi yoyandama, yozimitsa kapampuko madzi akatha.

Ngati ndalama ya thanki palibe panopa, pali zochita sabata ino. Gawani ma sprinkler 8 aja m'magulu a atatuatatu kapena awiriawiri, gulu lililonse ndi valavu yake, ndipo pakati pa magulu chitsime chizipuma. Mukhozanso kutseka pang'ono valavu ya potulukira pa borehole mpaka madzi otuluka afanane ndi nambala ija munapeza ndi ndowa. Ambiri amaopa kuti akatero pampu ipsa, koma pampu ya mtundu uwu ikachepetsedwa potulukira ma amp sakwera, bola musatseke kotheratu ndipo madzi azidutsabe okwanira kuziziritsa mota. Chimene sindingalole kuti muchedwe nacho ndi chotetezera pampu kuti isayende pouma, kaya cha timawaya tolowa m'chitsime kaya chija chimaona ma amp akatsika n'kuzimitsa, n'kudikira nthawi imene mwachiuza. Kuthirira kuzichitika m'bandakucha, chitsime chitagona usiku wonse, mphepo isanadzuke. Masana a October gawo lalikulu la ntchito yanu limapita ndi dzuwa ndi mphepo. Muuzenso wodula kapinga akweze makina, kapinga wometedwa mpala amauma msanga. Akachita chikasu pang'ono musade nkhawa, kapinga wokhazikika bwino amaphukanso mvula ikagwa mu November.

Ena adzakuuzani kuti mungotsitsa pampu. Nthawi zina zimathandiza, chifukwa mamita 10 owonjezera m'chitsime cha mamilimita 150 ndi malita ngati 180 osungidwa. Koma onani kuti zimenezo zikungotalikitsa mphindi zija, sizikuwonjezera madzi olowa. Ndipo musanatero fufuzani pepala limene obowola anakusiyirani, losonyeza kuya kwa chitsime, pamene anapeza madzi, ndi pamene pampu inaikidwa. Pansi pa borehole pamasonkhana matope ndi mchenga, choncho pampu itsale mamita angapo pamwamba pake. Ikakhala m'munsi mwa pamene madzi amalowera, madziwo amafika pakamwa pake osadutsa pa mota, ndiye imafunika chivindikiro chowakakamiza kuzungulira pa motayo. Pepalalo likasowa, funsani kampani imene inabowola. Kuyambira 2018 malamulo amafuna kuti ma borehole alembetsedwe ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, komanso obowola akhale ndi chiphaso, ndiye mukaganiza zokuzamitsa kapena kubowola china, yambirani kumeneko.

Tsiku lotulutsa pampu muimepo nokha. Asaikoke ndi waya wa magetsi, pali chingwe chake. Mapayipi asawagoneke pa dothi, makamaka kufupi ndi soakaway, chifukwa madzi omwewo ndi amene ana akumwa, ndipo mu mzinda uno kolera wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024 sitinamuiwale. Akabwezeretsa athiremo klorini, apope mpaka fungo lithe, n'kutseka bwino pakamwa pa chitsime.

Zikapezeka kuti pa kuyeza kwa m'mawa kuja singano ikukwera mwaulesi osafika pozimitsira, chitsime chili chodzaza, valavu ndi payipi zili bwino, ma volt ali okwanira, ndiye kuti pampu yadyekadi, igulidwe ina. Koma kusitolo musakanene za ma horsepower. Kanenani manambala awiri: malita amene chitsime chikupereka pa ola mwezi wouma, ndi mtunda wonse woti pampu ikankhe. Ngati ikudyetsa ma sprinkler mwachindunji, madzi akamatsika kufika mamita 45, onjezanipo 30 a bar 3 zija ndi ena 5 otayika m'mapayipi, akwana 80. Ngati ikungodzaza thanki ya pansi, ndi 50 basi, ndipo pampu yake ikhala yaing'ono ndi yotsika mtengo kuposa imene muli nayo. Pampu iliyonse, kaya ndi Grundfos, Pedrollo kapena DAB, ili ndi tchati chosonyeza malita amene imapereka pa mtunda uliwonse. Wogulitsa akuonetseni pa tchaticho pamene manambala anu awiri akukumana, ndipo musankhe yopereka madzi ochepera pang'ono pa amene chitsime chikutulutsa.